"Katundu akaonongeka sitilipira": mafunso ndi mayankho pa tilembo ta kuseli kwa kontrakiti

Ndakhala mlembi wa kalabu ya alimi kuno kumbali ya Chamama kwa zaka zingapo ndithu, ndipo pepala lililonse la thiransipota, la ogulitsa mbewu, la eni nyumba zosungira soya, limadutsa m'manja mwanga lisanasainidwe. Chaka china mabelo athu 42 a fodya wa bale ananyowa pa lole popita ku msika wa fodya wa Chinkhoma, lona inali yong'ambika pakati ndipo lole inagona pa mzere masiku atatu mvula yomaliza ya mu Epulo ikugwa. Potsitsa, mabelo apamwamba anali atachita chuku, fungo lake lokhalokha limakuuza kuti apa palibe dola. Mwini lole anangotembenuza kapepala kamene tcheyamani wathu anasaina nkutiloza kuseli, pomwe panali tilembo ting'onoting'ono tachizungu tonena kuti katundu akuyenda mwa kufuna kwa mwini wake, kampani siidzalipira kanthu. Anati, "Madala, munasaina nokha." Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa maloya ndi kuwerenga za nkhaniyi, ndiye mafunso amene anthu amandifunsa pa msika, ku tchalitchi ndi pa WhatsApp ndawaika pamodzi apa.

Kodi ufulu wa mgwirizano umene maloya amautchulawu ndi chani?

Ndi mfundo yoti anthu awiri akuluakulu, amutu wabwinobwino, akagwirizana okha za malonda awo, khoti ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti zomwe anapanganazo zachitika, osati kuwalembera pangano lina labwino kuposa lomwe anapanga. Jaji wina wa ku England, Sir George Jessel, ananena zimenezi mu 1875, kuti pangano lomwe anthu alowa mwa kufuna kwawo ndi lopatulika ndipo makhoti azilitsata. Ndiye mukagula mtedza modula kapena mwavomera mtengo woipa wa lole, jaji sangakuthandizeni pa chifukwa chongoti mwaluza. Ndipo ufulu womwewo umalola munthu kulemba kuti "ndikakuonongerani katundu ndidzalipira ndalama zosapyola zakuti" kapena "sindidzalipira konse". Mkangano wonse uli pamenepa, kuti kodi khoti lizingoyang'ana siginecha basi, kapena lizifunsanso kuti siginechayo inabwera bwanji ndipo mauwo akupweteka ndani.

Nanga za ku England zikutikhudza bwanji ife a ku Kasungu?

Zimatikhudza chifukwa malamulo athu a mapangano anachokera komweko. Lamulo la atsamunda la 1902 linabweretsa kuno malamulo a ku England, kuphatikizapo omwe ankagwira ntchito kumeneko pofika pa 11 Ogasiti 1902, ndipo titalandira ufulu mu 1964 sitinawataye. Mpaka lero loya akaima pamaso pa jaji ku Lilongwe pa mlandu wa kontrakiti amatchula milandu ya ku England. Zigamulo zawo zatsopano sizimanga jaji wa kuno koma amazimvera kwambiri. Chomwe muyenera kusamala nacho ndi ichi: malamulo omwe nyumba ya malamulo ya ku Britain inapanga pambuyo pake, monga Unfair Contract Terms Act ya 1977, sagwira ntchito ku Malawi. Izi zikhala zofunika tikafika pa nkhani ya mbewu.

Ndinasaina osawerenga. Ndingathawe?

Kawirikawiri ayi, ndipo ndikanakonda ndikanakuuzani zina. Mlandu womwe aliyense amatchula ndi wa L'Estrange v Graucob wa 1934. Mayi wina wa malo odyera ku Llandudno, tauni ya ku Britain, anagula makina ogulitsira ndudu, anasaina pepala osawerenga, makina aja sanachedwe kufa, koma m'tilembo ting'onoting'ono munali mau oti wogulitsa sakulonjeza kanthu za ubwino wa makinawo. Khoti linati wasaina wasaina, kaya anawerenga kaya sanawerenge. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya siginecha mwambiwu makhoti amautsata ndithu.

Koma pali pothawira ngati anakunamizani za zomwe zalembedwazo. Mu 1951, pa mlandu wa Curtis v Chemical Cleaning, mayi anapititsa diresi la ukwati kochapitsa, anafunsa kuti pepalali ndi la chani, wa pa kauntala anamuuza kuti likungonena za mikanda ndi zonyezimira za pa diresilo, pomwe pepalalo linkachotsa udindo pa kuonongeka kwa mtundu uliwonse. Diresi linabwera ndi banga, ndipo khoti linati ochapawo sangabisale kuseli kwa pepala lomwe analifotokoza mabodza. Ndiye mukafunsa kuti "apa palembedwa zotani" ndipo akuyankhani, kumbukirani yankholo, ndi bwino pakhale wina womva. Munthu sangalembenso mu kontrakiti kuti ngakhale akubereni mwachinyengo sadzayankha mlandu, zimenezo khoti lililonse limakana.

Nanga agogo odinda chala, pepala lili m'Chizungu?

Funso limeneli limandiwawa chifukwa theka la mamembala athu amadinda chala. Tsiku lomwe tinafotokoza za mabelo aja pa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wachikulire amene anali ndi mabelo awiri okha, fodya wa chaka chonse amene anasoka yekha ndi adzukulu ake, anaimirira nati, "A sekilitale, kodi chala changa chija ndinadinda kuti fodya wanga anyowe?" Palibe anayankha.

Lamulo lili ndi khomo la anthu otere koma ndi lopapatiza. Munthu wosatha kuwerenga angathe kunena kuti pepala ili si langa, ngati chomwe anadindacho chikusiyana kotheratu ndi chomwe anauzidwa, mwachitsanzo anamuuza kuti ndi kaundula wolandirira feteleza pomwe ndi pepala loperekera munda ngati chikole, komanso aonetse kuti iye sanachite mosasamala. Koma ngati ankadziwa kuti akudinda kontrakiti yonyamulira fodya, kungoti ndime ina sanaimve, khomo limeneli silitseguka. Nchifukwa chake mu kalabu mwathu tinapangana kuti pepala lililonse liwerengedwe mokweza m'Chichewa ndime ndi ndime, wa kampani ali pomwepo, ndipo akakana kudikira ndiye kuti sitisaina.

Sindinasaine kanthu, anangondipatsa risiti nditalipira kale, kapena panali chikwangwani pa khoma. Zimenezo zimandimanga?

Apa ndiye pomwe makhoti amathandiza kwambiri. Mau ochotsa udindo amayenera kukufikani pangano lisanamangidwe kapena pa nthawi yomwe likumangidwa, osati pambuyo. Mu mlandu wa Olley v Marlborough Court wa 1949, banja lina linalipira chipinda cha hotela pa kauntala, atalowa m'chipinda ndi pomwe anapeza chidziwitso choti hotela siiyankha za katundu wobedwa. Wina anatenga kiyi pa kauntala nkuba zovala zodula za mayiyo, ndipo khoti linati chidziwitso cha m'chipinda chinabwera mochedwa, pangano linali litatha kale pa kauntala paja. Ganizirani ma lesitihausi a pa Kasungu boma ndi timapepala tomata kuseli kwa chitseko.

Chinanso, mau akakhala opweteka kwambiri kapena achilendo, wolembayo amayenera kuwaonetsa poyera. Jaji wina wa ku England, Lord Denning, mu 1956 ananena kuti pali ndime zina zofunika kuzilemba ndi inki yofiira pamaso penipeni pa pepala, ndi dzanja lofiira lozilozera, kuti zitengedwe ngati munthu wadziwitsidwa. Koma mlandu womwewo, wa Spurling v Bradshaw, uli ndi chenjezo kwa ife amalonda: mwini katundu analuza, chifukwa anali atasungitsa katundu kwa anthu omwewo kambirimbiri nkumalandira pepala lomwelo nthawi zonse. Ndiye ngati mwakhala mukutumiza soya ku Kanengo ndi thiransipota yemweyo zaka zisanu, nkumalandira kapepala komweko, simunganene kuti mauwo ndi achilendo kwa inu.

Chabwino, mauwo alowa mu kontrakiti. Ndiye khoti lingogwedeza mutu basi?

Ayi, limawerenga kaye, ndipo limawerenga mouma. Mau akakhala ndi matanthauzo awiri, jaji amatenga tanthauzo lomwe likupweteka amene analemba pepalalo, poti ndi iyeyo anali ndi cholembera. Ndipo munthu akafuna kudzichotsera udindo pa kusasamala kwake komwe, monga kumanga lona yong'ambika akuona, dalaivala kuledzera pa Santhe, kusiya geti la nyumba yosungira katundu losakhoma, amayenera kunena zimenezo momveka bwino. Mlandu wa Canada Steamship wa 1952 ndi womwe unaika njira yoyezera zimenezi. Mau ongoti "sitiyankha za kuonongeka" angamvedwe kuti akunena za ngozi zosapeweka, osati za mphwayi za antchito ake.

Palinso ichi chomwe ambiri sadziwa. Mukasiya matumba anu m'manja mwa munthu kuti asunge kapena anyamule, ndipo asowa kapena abwera oonongeka, ndi iyeyo amene ayenera kuonetsa kuti sanachite mosasamala, si inu amene muyenera kufufuza kuti usiku umenewo kunachitika zotani.

Nanga akaononga ndi wantchito wawo yemwe, mwadala? Pepala lingawatetezebe?

Likhoza, ndipo mlandu wake ndi womwe unasintha zinthu pakati pa amalonda. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 Lord Denning ndi anzake ankati munthu akaphwanya mtima weniweni wa pangano, ndime yomuteteza imafa nayo limodzi. Kenako kunabwera Photo Production v Securicor mu 1980. Fakitale inalemba kampani ya alonda kuti izizungulira usiku, mlonda wa kampaniyo anayatsa moto dala, fakitale yonse inapsa, katundu wa mapaundi 615,000. Kontrakiti inati kampani siidzayankha za zochita za wantchito wake pokhapokha ngati ikanatha kuziwoneratu ndi kuzipewa. Khoti lalikulu la House of Lords linati ndimeyo igwire ntchito, kampani isalipire.

Koyamba nditamva zimenezi ndinakwiya, eti mlonda waotcha yekha koma osalipira. Koma chifukwa chomwe Lord Wilberforce, mmodzi wa majaji a mlanduwo, anapereka chili ndi mutu. Kampani ya alonda inkalandira tindalama tochepa kwambiri pa ulendo uliwonse, mbali zonse ziwiri zinali makampani odziwa malonda, ndipo mwini fakitale ndi amene ankadziwa mtengo wa katundu wake komanso anali ndi inshuwalansi ya moto. Anagawana okha kuti tsoka likagwa lidzagwera ndani, ndipo mtengo wotsikawo unachokera pa kugawanako. Khoti likalowerera pamenepo ndiye kuti likupatsa wina chinthu chomwe sanalipire. Vuto langa ndi loti chigamulo chomwe chinapangidwira makampani awiri olingana mphamvu chimadzatchulidwanso pa kalabu ya alimi 30 ndi kampani yokhala ndi maloya ake, ngati kuti nawonso ndi olingana.

Ndinagula mbewu, sinamere bwino, pa paketi analemba kuti angobweza mtengo wa mbewuyo basi. Munda wonse wapita. Zili bwanji apa?

Mlandu wofanana ndendende unachitika ku England, George Mitchell v Finney Lock Seeds, unatha mu 1983. Alimi anagula mbewu ya kabichi ya mapaundi 201, anadzala maekala 63, kabichi yake inangotulutsa masamba osamanga mutu chifukwa anapatsidwa mtundu wina komanso woipa. Analuza mapaundi oposa 61,000. Ogulitsa anati tibweza 201 ija. Khoti linati ndimeyo ndi yosayenera ndipo alipire zonse, poona kuti kulakwako kunali kusasamala kwa mbali ya ogulitsa, kuti iwo akanatha kugula inshuwalansi popanda kukweza mbewu kwambiri, komanso kuti iwo omwe ankalipira alimi ena mwakachetechete madandaulo akakhala omveka, kusonyeza kuti ankadziwa okha kuti ndimeyo ndi yolemera.

Koma mvetsani bwino. Majaji aja anatha kutero chifukwa nyumba ya malamulo inali itawapatsa mphamvu yoyeza ngati ndime ili yoyenera ngakhale pakati pa amalonda. Lamulo lathu la Sale of Goods Act linatengera la ku England la 1893, limanena kuti katundu afanane ndi momwe anamufotokozera komanso akhale woti nkugwiritsa ntchito, koma limalolanso kuti ogwirizana achotse malonjezo amenewa akalemba momveka. Ndiye mlimi wa kuno amadalira kwambiri njira zija ndatchula kale: kodi mauwo anandifika nthawi yake, kodi akukhudzadi zomwe zachitikazi. Munthu amene wakugulitsani chimanga chopaka utoto nkumati ndi mbewu ya haibridi sanakupatseni mbewu yoipa, wakupatsani chinthu china, ndipo kumeneko ndi kuba komwe. Sungani paketi, kalebo kake ndi risiti, itanani alangizi adzaone munda mbewu ikadali m'nthaka, jambulani ndi foni. Popanda zimenezo ngakhale loya wabwino alibe poyambira.

Mashopu ambiri amalemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndi zololedwa?

Kwa munthu wogula zoti akagwiritse ntchito, malamulo athu anamuikira mpanda. Pali Consumer Protection Act ya 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi malonda achilungamo lomwe linayamba mu 1998 nkulembedwanso mwatsopano mu 2024, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limalandira madandaulo. Wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu woonongeka ndi chimodzi mwa zinthu zomwe lamuloli limaletsa, ndiye mukagula sola kapena wailesi nkupeza kuti ndi yakufa kuchokera m'katoni, chikwangwani chija sichikutsekerani njira. Ngati mwangosintha maganizo, mtundu sunakusangalatseni mutafika kunyumba, imeneyo ndi nkhani ina, shopu ili ndi ufulu wokana.

Kontrakiti ya fodya kapena soya ikuti ndikagulitsa kwina ndilipire chindapusa chachikulu. Khoti lingachepetse?

Ulimi wa pa kontrakiti unakhazikika mu fodya kuyambira 2012 ndipo alimi ambiri a kuno ali mmenemo, ndiye funsoli limabwera chaka chilichonse msika ukatsegulidwa. Ngongole ya feteleza ndi mbewu muyenera kubweza, pamenepo palibe zokambirana, ndipo kugulitsa kwa mavenda fodya amene kampani inakuthandizani kulima ndi kuphwanya pangano. Koma chindapusa chili ndi malire. Kuyambira mlandu wa Dunlop wa 1915, makhoti amasiyanitsa ndalama yomwe anthu anayerekeza moona mtima kuti ndiyo idzatayike, ndi ndalama yongoopsezera. Yoopsezerayo saitsata. Mu 2015 khoti lalikulu la ku Britain linafewetsako muyezo wake, linati funso ndi loti kodi chindapusacho chapyola muyezo kwambiri poyerekeza ndi chomwe kampani ikuteteza, ndipo linalola chindapusa cha mapaundi 85 kwa munthu amene anapitirira maola awiri ololedwa poimika galimoto. Ndiye si chindapusa chilichonse chomwe chingagwe, koma choti ngongole ya matumba anayi a feteleza ikutengereni ng'ombe ndi njinga yamoto, chimenecho nchofunika kuchitengera kwa loya. Pa ngongole za katapila palinso Loans Recovery Act, yomwe imalola khoti kutsegulanso pangano ngati chiwongoladzanja chapyola muyezo ndipo panganolo ndi lankhanza.

Analemba kuti dandaulo lifike pasanathe masiku 7, ine ndachedwa. Zatha?

Mwina zathadi, ndiye musamachedwe. Lamulo limapereka zaka 6 zosumira mlandu wa kontrakiti, koma pangano likhoza kuika nthawi yaifupi ndipo makhoti amailemekeza. Ku South Africa, mu mlandu wa Barkhuizen v Napier wa 2007, munthu anali ndi masiku 90 osumira a inshuwalansi atamukana, iye anasuma patatha zaka ziwiri. Khoti lawo loona za malamulo oyendetsera dziko linavomera kuti ndime yotsekera munthu khomo la khoti mopanda chilungamo ingakanidwe, koma iyeyo analuza chifukwa sanafotokoze chomwe chinamulepheretsa. Tsiku lomwelo mwaona kuonongeka lembani pa pepala lolandirira katundu musanasaine, tumizani uthenga pa foni, sungani.

Bwanji makhoti osangofufuta ndime zonse zopondereza kuti nkhani ithe?

Ndinkaganiza choncho mpaka nditakhala pansi ndi mwini lole wina wa kwathu kuno, munthu wa lole imodzi yokha yomwe akubwezabe ngongole yake. Anandiuza kuti, "Achimwene, ndimanyamula fodya wa mamiliyoni pa mtengo wa mafuta ndi kaphindu pang'ono, mseu wa ku Chamama mukuudziwa nthawi ya dzinja. Nditati ndizilipira belo lililonse lonyowa, ulendo umodzi ndagulitsa lole." Sananame. Akanati asenze tsoka lonse akanakweza mtengo, kapena akanasiya kubwera kumidzi. Komanso jaji aliyense atamasintha mapangano malinga ndi chisoni chake, palibe banki kapena kampani ingadziwe kuti pepala lomwe yasaina lidzatanthauza chani mawa, ndipo oyamba kumanidwa ngongole tingakhale ife tomwe.

Komabe ine ndimaima apa. Ufulu wa mgwirizano umamveka pomwe onse awiri akanatha kukana. Pamene pepala linasindikizidwa kale ku Lilongwe, wabwera nalo mlangizi wa kampani pa njinga yamoto, alimi 60 ali pa mzere, mvula yayamba kale ndipo feteleza akuperekedwa kwa odinda okha, palibe amene wakambirana kanthu. Mlimi ameneyu pa pepala ndi wamalonda, ndiye chitetezo cha ogula wamba chikhoza kumuphonya, koma mphamvu zake ndi za wogula wamba yemweyo. Anthu apakati amenewa, makalabu, eni zigayo, ogulitsa zipangizo zaulimi m'matauni ang'onoang'ono ngati Nkhamenya ndi Chatoloma, ndi omwe ndikufuna aphungu athu awaganizire, apatse majaji mphamvu yomveka yoyeza ndime za m'mapepala osindikizidwa kale, monga anachitira ku Britain mu 1977, ndipo makampani akuluakulu olingana mphamvu awasiye azigwirizana okha. Ndimafunanso lamulo loti kontrakiti ya mlimi izikhala ndi Chichewa kapena Chitumbuka chake, poti kumpoto kwa boma lino ambiri amayankhula Chitumbuka.

Ine ndiye mwini lole kapena nyumba yosungira katundu. Ndilembe bwanji kuti ndime yanga idzagwire?

Ikani malire a ndalama m'malo mokana zonse, makhoti amakhala ofewa pa ndime yochepetsa chipepeso kusiyana ndi yochotseratu. Lembani pamaso pa pepala, zilembo zazikulu, m'chiyankhulo chomwe kasitomala wanu amamva, ndipo asaine musanakweze thumba loyamba. Ndipo mupatseni posankha: mtengo wotsika tsoka ndi lake, mtengo wokwererako inu mugula inshuwalansi ya katundu wa paulendo. Dziwani kuti inshuwalansi yokakamiza ija imene apolisi apamsewu amayang'ana pa galasi siilipira katundu amene mwanyamula.

Ndikafuna kudandaula ndipite kuti?

Yambani ndi kalata kwa mwini wakeyo, yonena zomwe zaonongeka, mtengo wake ndi tsiku lomwe mukufuna yankho. Milandu ing'onoing'ono imapita kwa majisitireti pa boma pompano. Ikuluikulu ya zamalonda imapita ku nthambi ya zamalonda ya High Court, yomwe inayamba mu 2007 ndipo yapafupi ndi ife ili ku Lilongwe, ndipo malamulo a khotilo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Za katundu wogula m'shopu ndi CFTC, za fodya ndi Tobacco Commission, za inshuwalansi yokana kulipira ndi ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Koma yang'anani kaye kumapeto kwa kontrakiti yanu, ena amalemba kuti mkangano udzapita kwa woweruza wapadera osati kukhoti, ndipo mukasaina zimenezo jaji akhoza kukubwezerani komweko.

Nanga mabelo 42 aja zinatha bwanji?

Loya amene tinamuona ku Lilongwe sanayambe nkuwerenga tilembo tija ayi, anayamba nkufunsa kuti mtengo munagwirizana liti. Tinamuonetsa mauthenga a pa foni ya tcheyamani, mtengo pa belo, tsiku lonyamula, zonse zinamangidwa Lachiwiri ndipo munalibe liu lililonse loti tsoka ndi lathu. Kapepala kaja kanabwera Lachisanu mabelo atakwezedwa kale zingwe zitamangidwa, dalaivala anakapereka pa windo nati sainani apa kuti ndi 42, ndipo tcheyamani anasaina atatsamiritsa pa chitseko cha lole. Loya anati pamenepo pali poimira, chifukwa pepala lowerengera katundu lomwe labwera pangano litatha kale silisintha panganolo mophweka, komanso mauwo sanatchule za kusasamala pomwe lona yong'ambika tinali titaijambula. Anatiuzanso mosabisa kuti siginecha ilipo, mlandu ukhoza kutenga zaka ndipo jaji akhoza kuona mwina.

Analemba kalata imodzi. Patatha masabata atatu mwini lole anabwera yekha ku msonkhano wa kalabu, tinakhala kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anavomera kulipira theka la mtengo wa mabelo 17 amene anakanidwa, m'magawo awiri, komanso kutinyamulira ulendo wotsatira osalipira. Ena ankafuna tipite kukhoti tikatenge zonse, koma ambiri anali ndi fizi ya ana yodikira ndipo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi achikulire aja analandira ndalama ya belo limodzi pa awiri awo, anaiwerenga kawiri, anaimanga pa nsonga ya chitenje, kenako anandiuza kuti chaka chamawa pepala ndidzawawerengere iwo poyamba lole isanalowe pa bwalo.